Za Mabanja Akale: Banja la Lincoln ndi Ngalawa za Mitsinje

Mwezi uno tikutengerani ku America, kuti tione banja limene linayamba ndi khasu ndi nkhafi.

Gogo wa banjali, Abraham Lincoln, anachoka ku Virginia nakakhazikika ku Kentucky, m'nkhalango zimene eni dziko anali kusakamo nyama chiyambire makolo awo. Chifukwa cha kulimbirana malo kumeneku, iye anaphedwa m'munda mwake mu 1786, mwana wake Thomas akuona, ali wa zaka 8.

Thomas atakula anakhala mmisiri wa matabwa ndi mlimi. Mu 1806 anatsika ndi ngalawa ya katundu kufikira ku New Orleans, ndipo chaka chomwecho anakwatira Nancy Hanks. Ngalawa za masiku amenewo zinali zathyathyathya, zongotengeka ndi madzi. Popeza sizinkatha kukwera mtsinje, zikafika ankaziphwasula nagulitsa matabwa ake, ndipo anthu ambiri ankabwerera kwawo wapansi.

Milandu ya malo inamsautsa Thomas, pakuti zikalata za minda ku Kentucky zinali zosokonekera. Chotero mu 1816 anaoloka mtsinje wa Ohio nakalowa ku Indiana. Kumeneko Nancy anamwalira mu 1818 atamwa mkaka wa ng'ombe zimene zinadya chitsamba chapoizoni. Mu 1819 Thomas anakwatira Sarah Bush Johnston, mkazi wamasiye. Mayiyu analera ana owapeza monga ake enieni, nalimbikitsa mnyamata Abraham, wobadwa mu 1809, kuti aziwerenga mabuku.

Mu 1828 mnyamatayo anapalasa ngalawa pamodzi ndi Allen Gentry kutsika Ohio ndi Mississippi kufikira ku New Orleans, mzinda umene unali ndi msika waukulu wa akapolo. Anabwerezanso ulendowo mu 1831. Wopalasa ngalawa yemweyu ndiye anadzakhala pulezidenti mu 1861, nalengeza ufulu wa akapolo a m'zigawo zopanduka mu 1863.

Tiphunzirepo ziwiri. Inu amayi olera ana owapeza, musayese ntchito yanu yachabe, pakuti simudziwa amene mukumuphikira nsima adzakhala yani. Ndipo ife tonse, tiwafunse agogo athu akali moyo kumene anachokera, mitsinje imene anaoloka ndi malire a minda yawo, tilembe zonsezo, kuti adzukulu athu asadzasowe pogwira.