Zaka 52 Pampando Umodzi

Sabata yatha ndinapeza mkangano uli mkati pa benchi ya amalume ena ogulitsa kaunjika: kodi phungu wabwino akhale zaka zingati pampando? Ine ndinangoti taimani kaye, ndikuuzeni za John Conyers wa ku Detroit, ku Amereka.

Mkuluyu anabadwa mu 1929. Atabwerako ku nkhondo ya ku Korea anaphunzira zamalamulo nkukhala loya, ndipo mu 1964 anthu anamusankha kupita ku Congress, nyumba ya malamulo ya kumeneko.

Zabwino anachita, tisamunamizire. Mukuwakumbukira mayi Rosa Parks, aja anakana kusiyira mzungu mpando m'basi mu 1955? Dzina linatchuka koma ntchito inawathera, mpaka anasamukira ku Detroit ali paumphawi. Amene anawalemba ntchito mu ofesi yake ndi Conyers, ndipo anagwira kuyambira 1965 mpaka 1988. Enawa ankangowaombera m'manja, iye nkumawalipira pakutha pa mwezi. Inu a mumsika mukudziwa kusiyana kwa kasitomala wotama katundu ndi wotulutsa ndalama.

Martin Luther King ataphedwa mu April 1968, panangopita masiku anayi Conyers nkupereka bilu yoti pakhale tchuthi chomukumbukira. Anamukanira. Iye osatopa, kubwera nayo kambirimbiri, mpaka Pulezidenti Reagan anasaina mu 1983. Zaka 15, abale!

Koma paja chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mu 2010 mkazi wake Monica, yemwe anali khansala wa mzinda wa Detroit, anagamulidwa kukaseweza miyezi 37 pa mlandu wa ziphuphu. Iye sanazengedwe mlandu, anthu nkupitiriza kumuvotera. Kenaka mu November 2017 zinaululika kuti mu 2015 ofesi yake inalipira mayi wina madola pafupifupi 27,000. Mayiyu ankagwira ntchito pamenepo, ndipo anadandaula kuti anachotsedwa chifukwa chokana zofuna za bwanayo. Ndalamazo sizinachoke m'thumba mwake ayi, zinali za misonkho. Amayi enanso anatulukira ndi madandaulo awo. Conyers anakana zonse, koma pa 5 December anatula pansi udindo ali ndi zaka 88.

Chimene chimandinyansa ine ndi ichi: potsanzikapo anauza anthu kuti asankhe mwana wake, John Conyers III, ngati mpandowo ndi benchi ya mumsika yosiyirana pachibale. Mwanayo analephera ngakhale kupeza masiginecha okwanira oti dzina lake lilowe pa pepala lovotera.

Amalume aja anandifunsa kuti nanga anthu ake zinawathera bwanji. Dera lakelo, lomwe ndi limodzi mwa madera osaukitsitsa ku Amereka, linakhala lopanda phungu pafupifupi chaka chathunthu, mpaka November 2018. Conyers anamwalira mu October 2019 ali ndi zaka 90.