Tisabise Umbombo M'dzina la Qadar

Pali bodza lina limene lavala mkanjo ndi kofia, ndipo limalowa nafe mumzikiti. Mayi wamasiye akafika pakhomo kudzapempha ufa, mwini nyumba amapukusa mutu nanena kuti umphawi wa mayiyo ndi Qadar, chikonzero cha Allah. Koma mukamfunsa bambo yemweyo za masitolo ake ndi matumba a chimanga amene adzaza m'nyumba mwake, Qadar ija imaiwalika: amayamba kusimba za thukuta lake, kulawira kwake ndi nzeru zake. Kusauka kwa mnzake akuti n'kolembedwa, kulemera kwake akuti anadzilembera yekha.

Maganizo awiri onsewa Qur'an yolemekezeka inawadzudzula kale. Mu Sura Yasin, ndime 47, amene ankakana kudyetsa anjala ponamizira chifuniro cha Allah anali anthu osakhulupirira. Mu Sura Al-Qasas, amene anadzitama kuti chuma anachipeza ndi nzeru zake anali Qarun, ndipo nthaka inam'meza pamodzi ndi nyumba yake. Kodi Msilamu angatenge bwanji mawu a magulu awiriwa n'kumawatcha Imani?

Maswahaba sanamve Qadar motero. M'chaka cha 18 cha Hijra, chilala chitakantha Madina ndi madera ozungulira, Khalifa Umar (Allah asangalale naye) sanauze anjala kuti apirire zolembedwa. Analembera abwanamkubwa a zigawo kuti atumize chakudya, anakonza zoti anthu azidyetsedwa, ndipo iye mwini analeka kudya mafuta a mkaka kufikira anthu atapeza chakudya. Ndani mwa ife angati amakhulupirira Qadar kuposa Umar?

Wokhulupirira moona kuti riziki lake lili m'manja mwa Allah ndiye ayenera kukhala wofewa manja kuposa onse, pakuti chimene chimafumbatitsa dzanja ndi mantha a mawa. Amene amati chuma ndi mwayi amakhala moyo wa nkhawa: amaopa kuti mwayiwo umuthawa, amakayikira achibale, mwina mpaka kukagogoda kwa asing'anga. Wopatsa amagona tulo, ndipo akagwa m'mavuto mudzi umamudzutsa. Makolo anati kupatsa n'kuika.

Ena adzati kupatsa kumalera ulesi. Ngati nkhawa yanu ndi imeneyo, perekani mbuzi, mbewu kapena mpamba wa geni, kuti wolandira lero adzakhale wopereka mawa. Koma Zakaat si chifundo chodikira kuti mtima ufune. Ndi gawo la osauka limene lili m'chuma chanu: K2.50 pa K100 iliyonse ya chuma chimene chafika pa nisaab n'kutha chaka, ndi thumba limodzi pa matumba khumi a zokolola za mvula zikakwana mlingo wake.

Zimene Allah analembera mayi wamasiye uja palibe wa ife akuzidziwa. Chimene tikudziwa n'chakuti anafika pakhomo panu nkhokwe ili yodzaza, ndipo kutsekula kapena kutseka kunali kusankha kwanu. Za kusankha kumeneko ndi zimene mudzafunsidwe pa Tsiku la Chiweruzo.