Anamwino a Lokamu

Usiku uno m'mawodi a zipatala za boma muli anamwino amene lero linali tsiku lawo lopuma. Abwera pa lokamu, ntchito yapadera yolipidwa payokha chifukwa ogwira ntchito ndi ochepa. Ena anamaliza maphunziro, analembetsa kale ku Nurses and Midwives Council of Malawi, koma boma silinawalembe ntchito.

Chimandiwawa n'chakuti ndalama za lokamu zimachedwa, nthawi zina miyezi, ndipo bungwe la anamwino la NONM lakhala likudandaula.

Palinso china. Namwino wa lokamu akakhala mlendo m'wodi sadziwa pamene pali okosijeni, kapena wodwala amene wafooka masana. Inu oyang'anira mawodi, muyendetseni bedi ndi bedi asanayambe, ndipo maola ake muwalembe tsiku lomwelo.