Mkangano wa Malamulo a Intaneti ndi AI: Ntchito Iyambire M'maofesi a Boma

Masiku ano si zachilendo kuti kalata yochokera ku Capital Hill ifike m'magulu a WhatsApp isanafike pa tebulo la bwanamkubwa yemwe amulembera. Si zachilendonso kuona kalata yokhala ndi chizindikiro cha boma, chidindo komanso siginecha ya mlembi wamkulu, chikhalirecho ku unduna wotchulidwawo kulibe ndi mmodzi yemwe amene akuidziwa. Kale wopeka kalata yotere ankafunika luso ndi nthawi. Lero makompyuta a nzeru zochita kupanga, zomwe ambiri akungozitchula kuti AI, atha kulemba kalatayo, kupeka chithunzi ngakhalenso kutsanzira mawu a munthu m'mphindi zochepa chabe.

Izi zakolezera mkangano womwe wakhala ulipo kwa zaka: kodi boma likhwimitse malamulo pa masamba a mchezo monga Facebook, WhatsApp, TikTok ndi X, kapena lisiye anthu alankhule mmene afunira? Mbali imodzi kuli makolo, atsogoleri a mipingo, amayi omwe zithunzi zawo zafalitsidwa mowachotsa ulemu, komanso anthu omwe aberedwa ndalama kudzera pa lamya za m'manja. Iwowa akufuna olakwa alandire chilango. Mbali inayo kuli atolankhani ndi mabungwe omenyera ufulu wachibadwidwe, omwe sadaiwale nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi pamene munthu ankatha kutsekeredwa ku Mikuyu kaamba ka mawu okha.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Koma mkanganowu ukamangozungulira pa funso lomanga kapena kusamanga munthu wolemba pa Facebook, umalambalala malo omwe ogwira ntchito m'boma ali ndi mphamvu yosintha zinthu lero lomwe, omwe ndi maofesi awo.

Choyamba kudziwa n'chakuti dziko lino silikuyambira pachabe. Ndime 35 ndi 36 za malamulo oyendetsera dziko lino zimateteza ufulu wolankhula ndi ufulu wa atolankhani, pomwe ndime 21 imateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake a pa lamya. Ndime 44 imalola kuchepetsa ufulu wina, pokhapokha ngati kutero kwalembedwa m'lamulo, n'koyenera, ndipo n'kofunikiradi m'dziko la demokalase. M'chaka cha 2016, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe mwa zina limaletsa kuzunza, kulondalonda ndi kusowetsa ena mtendere kudzera pa intaneti.

Chiyambire nthawi imeneyo, njira yothana ndi mawu pogwiritsa ntchito unyolo yakhala ikuchepa. Mu Novembala 2022, aphungu adachotsa m'malamulo a milandu mlandu wolankhula zoukira boma. Mu Julayi 2025, bwalo lalikulu la milandu, litakhala ngati bwalo lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko, lidagamula kuti ndime 200 ya malamulo a milandu, yomwe inkalola kuzenga munthu mlandu wa upandu kaamba koipitsa mbiri ya mnzake, ikutsutsana ndi ufulu wolankhula. Mlanduwo udachokera pa zomwe munthu wina adalemba pa masamba a mchezo. Tanthauzo lake n'lakuti mkulu wa boma yemwe waipitsidwa mbiri ali ndi ufulu wokasuma kuti apatsidwe chipukuta misozi, monga nzika ina iliyonse, mmalo motumiza apolisi.

Phunziro lina lidachokera ku bungwe loyang'anira ntchito zofalitsa mauthenga la MACRA. Mu Januwale 2025, kutatsala miyezi 8 kuti kuchitike chisankho cha pa 16 Sepitembala, zidadziwika kuti bungweli likufuna kugula makina olondoloza nkhani zabodza pa intaneti kuchokera ku kampani ya ku Ghana, pa mtengo wa pafupifupi madola 1.5 miliyoni a ku America. Bungweli lidafotokoza kuti cholinga sichidali kumvetsera zokambirana za anthu, koma ambiri sadakhutire. Adakumbukira makina ena otchedwa CIRMS, omwe anthu adawapatsa dzina loti makina a ukazitape, ndipo nkhani yake idatha zaka ili m'makhoti. Mmene zidakhaliramu zikusonyeza kuti pa nkhani za intaneti, cholinga chabwino pachokha sichikwanira. Anthu amafuna kudziwiratu chomwe makinawo adzaone, yemwe adzasunge zomwe apezazo, ndi komwe wodandaula angapite.

Maiko ena a mu Africa adayesapo njira ya chibalo ndipo zotsatira zake zilipo zoti tiphunzirepo. Mu Julayi 2018, dziko la Uganda lidayika msonkho wa mashilingi 200 patsiku kwa aliyense wolowa pa masamba a mchezo. Anthu ambiri adapeza njira zouzembera pogwiritsa ntchito VPN, ndipo mu 2021 msonkhowo udachotsedwa n'kulowedwa m'malo ndi wina wa pa data. Dziko la Nigeria lidatseka Twitter kuyambira mu Juni 2021 mpaka mu Januwale 2022, ndipo bwalo la milandu la bungwe la ECOWAS lidagamula kuti kutsekako kudali kosemphana ndi malamulo. Kwa anansi athu ku Zambia, masamba a mchezo adatsekedwa pa tsiku la chisankho mu Ogasiti 2021, mpaka bwalo lalikulu lidalamula kuti atsegulidwe. Potseka chotere, wabodza amapeza polowera pena, pamene mlimi wofunsa mtengo wa soya ndi mayi wogulitsa zitenje pa WhatsApp ndiwo amatsala m'madzi.

Maiko a ku Ulaya adatenga njira ina, yoika goli pa makampani eni ake. Lamulo la Digital Services Act limakakamiza masamba akuluakulu, okhala ndi anthu oposa 45 miliyoni m'maiko a mgwirizano wa European Union, kuunika ngozi zomwe amabweretsa ndi kufotokoza chifukwa chomwe achotsera uthenga wa munthu. Lamulo lawo la AI, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024 ndipo likukhazikitsidwa pang'onopang'ono, limagawa makinawa molingana ndi kuopsa kwake. Ena ndi oletsedweratu, pomwe ogwiritsidwa ntchito polemba anthu ntchito kapena posankha olandira thandizo la boma ayenera kuyang'aniridwa ndi munthu. Chindapusa chachikulu chimafika pa mayuro 35 miliyoni kapena 7 pa 100 iliyonse ya ndalama zomwe kampani imapeza pachaka. Nalo dziko la Australia, kuyambira pa 10 Disembala 2025, lidalamula makampani kuti asalole ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo, ndipo chilango chimagwera kampani, osati mwana kapena kholo.

Komabe tisadzinamize. Makampaniwa amamvera Ulaya chifukwa cha kukula kwa msika wake. Nigeria idatha kulipitsa kampani ya Meta chindapusa cha madola 220 miliyoni mu Julayi 2024 chifukwa ili ndi anthu oposa 200 miliyoni. Malawi payekha mawu ake sangamveke patali chotero, ndipo mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake ndondomeko ya AI yomwe bungwe la African Union lidavomereza ku Accra mu Julayi 2024, pamodzi ndi zokambirana za m'bungwe la SADC, n'zofunika kuti akuluakulu a maunduna azitsatire mwachidwi. Pali nkhani ya chilankhulo yomwe tiyenera kupita nayo kumeneko. Makina osefa mauthenga oipa amaphunzira kuchokera ku zolembedwa, ndipo zolembedwa m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe n'zochepa pa intaneti. Choncho mawu odzetsa chidani okulungidwa m'mwambi atha kudutsa osaoneka, pamene nthabwala wamba itha kuchotsedwa.

Pamene zokambirana za maiko zikupitirira, pali ntchito yomwe siyifuna chilolezo cha kampani ya kunja. Boma ndilo limasunga mbiri ya anthu yochuluka kuposa wina aliyense m'dziko muno. M'kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 wokha, bungwe la NRB lidalemba anthu oposa 9 miliyoni, ndi zithunzi komanso zidindo za zala zawo. Kuonjezera apo kuli mafaelo a odwala m'zipatala, mayina a olandira Mtukula Pakhomo, zotsatira za mayeso ndi malipiro a ogwira ntchito m'boma. Kuopsa kwa nkhaniyi kudaonekera mu Febuluwale 2024, pamene mtsogoleri wa dziko lino wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina osindikizira ziphaso zoyendera ndipo akufuna dipo. Kwa masabata angapo ntchito yosindikiza ziphasozo idaima, ndipo omwe adali ndi maulendo a sukulu, a chipatala ndi a malonda adasowa mtengo wogwira.

Lamulo la Data Protection Act la 2024 lidabwera kudzatseka mpata umenewu, ndipo limakhudza maofesi a boma monga momwe limakhudzira mabanki ndi makampani a lamya. Limafuna kuti mbiri ya munthu itengedwe pa chifukwa chodziwika, isungidwe motetezeka, ndipo ikabedwa kapena kutayika nkhaniyo ikanenedwe ku MACRA pasanathe maola 72. Popeza bungwe lomweli ndilo limaperekanso ziphaso kwa makampani ofalitsa mauthenga, n'koyenera kuti komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zofalitsa nkhani iziunika pafupipafupi mmene likugwirira ntchito zonsezi.

Apa ndi pomwe AI ikulowera mu ofesi mwakachetechete. Chikhazikitsireni ChatGPT mu Novembala 2022, wogwira ntchito aliyense wokhala ndi lamya yamakono atha kupempha makina kuti amulembere lipoti kapena kufupikitsa zokambirana za msonkhano. Palibe cholakwika pofuna kupeputsa ntchito. Koma ofisala akakopera m'makinawo mndandanda wa mayina a odwala, kapena chikalata chachinsinsi chopita ku nduna, ndiye kuti watumiza zinthuzo ku makompyuta a kampani ya kunja, ndipo madzi akatayika saoleka. Makinawa amathanso kupeka ziwerengero ndi ndime za malamulo zomwe kulibe, n'kuzilemba mwaluso ngati zoona. Wosayina chikalata ndi amene adzayankhe, chifukwa kompyuta siyiitanidwa ku komiti ya aphungu.

Nkhani imakula kwambiri makina akayamba kusankha anthu. Ku Netherlands, nthambi ya msonkho idagwiritsa ntchito makina oloza omwe akuganiziridwa kuti akuba ndalama zothandizira kulera ana. Mabanja oposa 20,000 adanamiziridwa chinyengo ndi kulamulidwa kubweza ndalama zambiri, ndipo mu Januwale 2021 nduna zonse za boma la Mark Rutte zidatula pansi udindo. Kuno kwathu, ndime 43 ya malamulo oyendetsera dziko imapatsa munthu aliyense ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa pa chiganizo cha boma chomwe chikumukhudza. Tsiku lomwe makina adzayambe kuthandiza kusankha olandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo kapena ngongole za ophunzira, gogo wa ku Nsanje yemwe dzina lake lasowa pa mndandanda adzafunika yankho la munthu. Kumuuza kuti makina ndiwo akana sikudzakhala kutsata lamulo.

Pomaliza pali nkhani ya mphekesera zenizenizo. Bodza silidayambe ndi AI. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zidaphetsa anthu osalakwa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa ogwira ntchito ake ena m'deralo. Mphekesera imamera pomwe uthenga woona wachedwa. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limafuna ofesi iliyonse ya boma kukhala ndi ofisala wopereka uthenga ndi kuyankha wofunsa pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Pa WhatsApp, bodza limazungulira dziko lonse dzuwa lisanalowe. Unduna womwe umatsutsa kalata yabodza tsiku lomwelo, m'chilankhulo chomwe anthu akumva, pa wailesi ndi pa tsamba lake lodziwika, umateteza anthu kuposa kumanga wofalitsayo patatha mwezi.

Akuluakulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Mlembi wamkulu aliyense ndi bwanamkubwa aliyense atha kuyamba ndi zinthu zitatu zosalira bajeti yaikulu: kulemba ndondomeko yofotokoza zomwe ogwira ntchito angaike kapena sangaike m'makina a AI, kusankha munthu woyang'anira chitetezo cha mbiri ya anthu yomwe ofesi ikusunga, ndi kupatsa ofisala wofalitsa nkhani mphamvu yoyankha msanga popanda kudikira masiginecha asanu. Boma likadzapita ku Nyumba ya Malamulo kukapempha malamulo atsopano okhudza masamba a mchezo ndi AI, funso loyamba lomwe Amalawi adzafunse lidzakhala la mmene lasungira zomwe adalipatsa kale.