Malata sadyedwa, abwana

Sabata yatha kumudzi kwathu kudafika anyamata a kafukufuku, mafomu ali m'manja. Akuti akuyeza ngati alimi ang'onoang'ono angathe kupirira kusintha kwa nyengo. Adawapeza azakhali anga pakhonde. Muli ndi wailesi? Nanga njinga? Denga lanu ndi la malata?

Azakhali adayankha zonse mwaulemu. Alendo aja atachoka adati, "Mwanawe, bwanji sadandifunse kuti Januwale ndimakhala m'munda mwa yani?"

Apo ndiye pagona nkhani. Chimanga chikatha m'nkhokwe, mlimi amasiya munda wake osapalira n'kukagwira ganyu kwa ena kuti ana adye. Munda wosiyidwawo umabereka zochepa, ndipo chaka chinacho njala imafika msanga kuposa kale.

Tidaziona ndi maso. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adakokolola minda m'chigawo cha kumwera. Mu 2024 ng'amba ya El Niño idachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Kwathuko amene adapulumukako ndi omwe adali ndi dimba, chinangwa, mbatata kapena kambuzi kogulitsa. A malata ena adagona ndi njala.

Sindikunyoza kafukufuku ayi. Koma funsani zenizeni. Mbewu yoyamba ikapserera, yobzalanso muli nayo? Chakudya chanu chimatha mwezi uti? Ganyu mumagwira masiku angati?

Mukalemba zimenezo mwayeza mlimi. Malata sadyedwa, abwana.

Tikumane sabata yamawa.