Mpanda wa njovu ku Kasungu: tisangowerenga makilomita a waya

Njovu zikangotuluka m'nkhalango ya Kasungu, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mawu amakhala amodzi: "Amalize mpanda basi!" Inenso ndikufuna mpandawo uthe. Koma abale anga, momwe tikuyankhulira zikukhala ngati waya akangozungulira ndiye kuti nkhani yatha. Ayi ndithu.

Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera kuno, ntchito yomwe nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inagwira pamodzi ndi IFAW komanso African Parks. Zinafika mpanda usanathe. Kwa ine vuto linayambira pamenepo. Taonani ku Liwonde komweko: African Parks inayamba kuyang'anira malowa mu 2015, inathamangira mpanda, ndipo mikango inabwera mu 2018. Khola kaye, ziweto pambuyo. Ngakhale agogo kumudzi amadziwa zimenezi.

Tsono mpanda wamagetsi si khoma. Njovu ikafunitsitsa imaugwetsa. Chomwe chimagwira ntchito ndi mantha. Kamakina kolandira mphamvu ku sola ndi mabatire kamatumiza magetsi m'waya modukizadukiza, pafupifupi kamodzi pa sekondi. Sapha, amangothetha mopweteka, nyama n'kuphunzira kuti apa sipofika. Nde tsiku lomwe njovu yakhudza waya n'kupeza zii, phunziro lija lafufutika. Mawa ibweranso, ndi anzake.

Nanga magetsi amathera pati? Nthawi ya dzinja udzu ukakula n'kukhudza waya, mphamvu imathawira pansi. M'chilimwe nthaka ikauma gwa, kuthetha kumachepa ngati zitsulo zokhomera pansi sizinaikidwe bwino. Njovu zina n'zochenjera zedi, zimagwetsera mtengo pa waya kapena kumukoka ndi minyanga, poti minyanga sidutsa magetsi bwinobwino. Ndiye pali ife anthu. Tisanamizane, batire ndi sola zikasowa pa mpanda, si afisi atenga. Waya wodulidwa amakathera ku misampha.

N'chifukwa chake funso langa kwa akuluakulu si lakuti mwamanga makilomita angati. Ndani akuyenda m'mbali mwa mpanda tsiku ndi tsiku kuyeza mphamvu? Wolambula udzu akulipidwa ndi ndani, ndipo thandizo la mabungwe likadzatha ndalamayo idzachokera kuti? Achinyamata a kwa Chulu ndi kwa Lukwa atalembedwa ntchito imeneyi, yokhazikika osati ganyu wa sabata ziwiri, wakuba batire angavutike, chifukwa akuba mchere wa m'bale wake.

Palinso mbali ya kumadzulo, komwe nkhalango yachita malire ndi Zambia ndipo nyama zimadutsa kupita ku Lukusuzi. Njovu siidziwa pasipoti. Ukatseka kuno, imalondola waya mpaka pomwe wathera, n'kutulukira m'munda wa munthu wa pamenepo. Choncho pomwe mpanda ukuthera m'pofunika kukambirana ndi midzi ya mbali zonse, asanakumbe dzenje la mtengo woyamba.

Ife a m'tauni tisaone ngati za kutali. Chimanga chomwe njovu yadya usiku umodzi ndi chomwe chikanafika pamsika wa Kasungu, ndipo mwini wake, poti boma lilibe ndondomeko ya chipepeso pa zowonongedwa ndi nyama, abwera kudzagula pa mtengo womwewo tikudandaula nawowu. Phungu wanu akadzaika chithunzi ataima pa mpanda watsopano, mufunseni m'makomenti kuti bajeti yokonzetsera ili pati.