Gogodani kaye musanalipire

Mchemwali wanga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo monga achitira anzathu ambiri a ku Joni, thukuta lake limabwera kuno kudzasanduka njerwa. Anagula puloti ku Chigwirizano, pa msewu uja wodutsa ku Chinsapo ndi ku Likuni wopita ku Malingunde. Ine ndinakhala kapitawo wosalipidwa. Nyumba itafoleredwa, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: bafa loyera mbee, lalitali, lakuti munthu n'kugonamo posamba, makoma ake atakutidwa matailosi mpaka kudenga. Pansi pake analemba kuti, "Achimwene, ndikufuna ngati ili."

Katundu ndinakagula ku Malangalanga, ndipo mitengo inandiumitsa pakamwa. Simenti timapanga konkuno, monga ya Shayona ku Kasungu, koma mabafa otere ndi matailosi ambiri zimachokera kunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chowoloka malire chimaluma. N'chifukwa chake nditapeza mmisiri wotchula theka la mtengo wa anzake, ndinamugwira dzanja msanga. Masiku awiri okha ntchito inatha, ndinajambula zithunzi, ku Joni kunamveka nthungululu.

Patatha miyezi itatu, penti wa chipinda chogona choyandikana ndi bafalo anayamba kutuwa n'kumasupuka. Kuseri kwa kabati kunamera chuku. Munthu akasamba, madzi a pansi ankathamangira kukhomo m'malo molowera ku kabowo kake. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Anatiwombola ndi bambo wina wachikulire amene anaphunzira ntchitoyi kusukulu ya zaluso. Sanafunse zambiri. Anatulutsa kiyi m'thumba n'kuyamba kugogoda tailosi iliyonse. Zina zinkalira mwamphamvu ngati mwala, zambiri zinkalira ngati chigubu chopanda kanthu. "Mwamva, bwana? Kuseriku kuli mphepo," anatero. Atakanganula imodzi, tinaona kuti mnzathu uja anangopaka timibulu tisanu ta simenti, m'makona ndi pakati. Mipata yotsalayo ndi imene inasanduka njira za madzi.

Sabata imene ndinakhala pambali pa bambowa ndinaphunzira zimene ndikanayenera kufunsa poyamba. Bafa ndilo limayamba kukhazikidwa, matailosi pambuyo. Limakhala pa maziko olimba, kuliyeza ndi levulo mbali zonse, kulumikiza paipi yotulutsa madzi pamodzi ndi kapaipi kokhota kamene kamasunga madzi pang'ono kuti fungo la kudzenje lisabwerere m'nyumba. Kenako kuthiramo madzi, kuwatsegula, n'kusuzumira pansi ngati pakudontha. Zonsezi zichitike njerwa zisanatseke m'mbali, ndipo potsekapo pasiyidwe kachitseko. Mnzathu uja anamangira bafalo ngati manda, moti kuti tione paipi imodzi yokha tinachita kugumula khoma.

Khoma nalo lili ndi mwambo wake. Pulasitala aume kaye bwinobwino, kenako apakidwe mankhwala otchinga chinyontho, makamaka m'makona ndi pozungulira mipopi. Anthu ambiri timaganiza kuti matailosi ndiwo amatchinga madzi, chonsecho m'mizere ya pakati pawo madzi amalowa pang'onopang'ono. Zomatira zipakidwe khoma lonse ndi chopakira cha mano, osati timibulu. Mzere wa pansi utsikire pamwamba pa mlomo wa bafa kuti madzi otsetsereka pakhoma agwere m'kati. Pamene tailosi yakumana ndi bafa sipafuna simenti ayi, chifukwa bafa limatitimira pang'ono likalemedwa ndipo simenti imang'aluka. Pamafuna silikoni. Bambo aja anadzaza kaye bafalo ndi madzi asanapake silikoniyo, n'kuwasiya momwemo mpaka itauma, kuti mpatawo umatidwe uli wotseguka kale.

Pogula matailosi owonjezera ndinakumana ndi phunziro lina. Mtundu womwewo, dzina lomwelo pakatoni, koma kuyera kwake kosiyana chifukwa anawotchedwa ulendo wina. Amisiri odziwa amati ukayeza khoma uwonjezere gawo limodzi mwa magawo khumi, la odulidwa ndi osweka, ndipo ugule onse tsiku limodzi. Apansi asakhale oterera ngati a pakhoma. Mayi athu okalamba atangoponda kamodzi pa onyezimira amene anaikidwa pansi m'bafamo, anapempha kampando ndi ndowa yawo.

Sindikunyoza amisiri athu. Ambiri anaphunzirira pa sayiti, pogwira fosholo ya wina, ndipo mabafa otere sanali m'nyumba za ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mgona kumene tinakulira. Kwathu bafa linali kampanda kuseri kwa nyumba, mwala wopondapo ndi beseni. Cholakwa chachikulu chinali changa. Ndinkaopa kuoneka mbuli, choncho sindinafunse kuti andionetse nyumba ina imene anagwirako chaka chapita. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ntchito ya m'bafa siyesedwa tsiku lolandira makiyi, imayesedwa dzinja likadutsa.

Pali funso lina limene ine ndi mchemwali wanga sitinadzifunse: madzi ake ali kuti? Bafa lotere limamwa malita pafupifupi 150 kuti munthu amiremo bwino, pamene ndowa ya malita 20 imamusambitsa mpaka kuyera. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akati agonemo kamodzi patsiku, ndi malita 900. Madzi amenewo afuna kulipiridwa, afuna kutenthetsedwa ndi magetsi kapena makala, ndipo akatuluka afuna dzenje lowamwa, limene nthawi ya mvula limakhala litakhuta kale. Madamu awiri a Kamuzu amene amamwetsa mzinda wa Lilongwe ali ku Malingunde, kumapeto kwa msewu wathu womwewu, koma chilimwe chikafika pachimake mu Okutobala, mpopi wa pa puloti ija umakonda kulankhula pakati pa usiku.

Mchemwali wanga anabwera pa Khirisimasi. Anagonamo kamodzi m'bafa lake, thovu mpaka m'khosi, n'kubwerera ku Joni ali wokhutira. Chichokereni iye, mlamu amene amasunga nyumbayo amadzuka usiku madzi akabwera, n'kudzaza bafalo mpaka pamlomo. M'mawa ana amatungamo ndi ndowa, wina wosamba, wina wochapa, wina wothira kuchimbudzi. Ndinaseka nditaona, koma kenako ndinawerama n'kutsegula kachitseko kaja. Pansi pake panali pouma gwaa. Mwina ndi mgolo wodula kuposa yonse ku Chigwirizano, koma tsopano sukudontha.